Kumayadi Kulibe Maso

Chaka chimene mwana wanga anakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 3, kwa mayi ena akumpoto amene ankagwira ntchito ku Capital Hill. Ifeyo tinkakhala kutsidya kwa mtsinje, kumakomboni, ine, bambo ake a mwana, ndi kamtsikana kathu kamodzi komweko. Kamodzi. Woyamba anatisiya ali ndi miyezi inayi, ndiye mukamva kuti ndinali wamantha musadabwe ayi.

Nkhani ya sukulu anaiyambitsa ndi amadamu, ine ndikusita mabulawuzi awo.

"Mwana wako uja ayamba chaka chino, eti? Ukamulembetsa kuti?"

"Kwathu konkuja, madamu. Sukulu ili pafupi, kungopitirira pampopi basi wafika."

"Ija ana amakhala pansi pa mitengo ija? Iwe, mubweretse kuno. Sukulu ya kuseri kuno ndi ya boma yomweyo, koma ana ndi ochepa, aliyense ali ndi pokhala. Ahedi ake timapemphera limodzi. Ndikawauza kuti mwanayo aziswera pakhomo panga pano."

Ndinathokoza, ndinagwada ndithu. Simbi ndinaiiwala pa kolala mpaka inayamba kununkha.

Ine sukulu ndinalekeza sitandade 6. Ndinkakhala kumbuyo kwenikweni, komwe mawu a aphunzitsi amafika atatopa kale, ndipo zaka zonsezo palibe mphunzitsi ndi mmodzi yemwe amene ananditchula dzina osayang'ana m'kaundula. Chichewa ndimalemba, si ichi mukuwerengachi. Koma botolo la mankhwala likabwera ndi Chingerezi chake ndimayenda nalo m'makomo kuti wina andiwerengere, mwana akutentha thupi kumsana. Zimenezo sindinkafuna kuti zidzamuonekere wanga.

Ndiye ndinapita kukaziona ndekha sukulu ziwirizo, sukulu zisanatsekere.

Ya kwathu ndinafika nthawi ya phala. Abale inu, ana! Belu litangolira anatuluka ngati ngumbi, aliyense kapu m'manja, akuluakulu akukankha tating'ono, ndipo kamtsikana kena kofanana msinkhu ndi wanga kanagwa pamzere pomwepo, kapu yake anzake akuiponda, iko kakuifunafuna pakati pa miyendo. Aphunzitsi analipo, mawu atasasa, akuyesetsa ndithu, koma munthu mmodzi angatani? Ndinasuzumira m'kalasi la sitandade 1. Ana pansi, bondo pa msana wa mnzake, mpaka pakhomo. Ndinayang'ana kumbuyo kuja kumene kunali kwanga, ndinatuluka msanga.

Koma pobwerera, kuchoka pasukulupo kufika pakhomo panga, ndinapatsidwa moni mpaka kukamwa kunauma. Mayi ogulitsa tomato, atelala a pakhonde, ometa tsitsi, amayi a pampopi. Onsewo mwana wanga amamudziwa, amadziwa ndi chipsera chake cha pachipumi.

Ya ku Area 3 ndinapita Lachiwiri. Maluwa m'mbali mwa makalasi, madesiki, ana akuyankha mmodzimmodzi, aphunzitsi akuwatchula mayina pamtima. Mtima wanga unalakalaka mpaka kuwawa. Koma a sitandade 1 amaweruka dzuwa lisanafike pamutu, ine nthawi imeneyo ndili pakati pa ntchito, nyumba ya eni ili m'manja mwanga. Mwana akanayenera kuyenda yekha kuchoka kusukulu kufika pageti la amadamu. Ndinayenda njirayo. Poyamba pali msewu waukulu wa tala, wa maminibasi othamangira m'tauni. Ukawoloka umalowa kamsewu kataliko, mipanda mbali zonse, mipanda yaitali ya mabotolo oswa ndi mawaya pamwamba. Munthu ayi. Ngakhale nkhuku. Agalu okha amene amakumva uli kutali, n'kumakutsatira ndi mawu kuseri kwa mpanda, uyu akakusiya uyo wakulandira.

Tsono ndinachita chinthu chimene mpaka lero bambo ake amandiseka nacho. Ndinafuna kudziwa kuti mwana atagwa m'kamsewu kameneko, angamuone ndani. Ndinakhala pansi m'mbali mwa ngalande, miyendo nditatambasula, mutu nditazolika ngati munthu wakomoka. Ndinakhala. Galimoto inadutsa ya magalasi akuda, sinachepetse liwiro n'komwe. Ina inadutsa. Geti lina linatseguka lokha, galimoto n'kulowa, geti n'kudzitsekanso lokha. Nyerere zinayamba kundikwera m'miyendo. Ndinakhala mpaka mthunzi wa mpanda unandichoka, ndipo palibe anandifunsa kuti mayi mwatani.

Lamlungu ndinakachita chimodzimodzi kwathu, panjira ya kusukulu. Matako asanafike pansi bwinobwino, mayi a tomato aja anali atafika kale.

"Amake mwana, mwatani? Chizungulire?"

Wina pampopi anakuwa: "Musawafunse, ayima amenewo! Tinaona kale mayendedwe!"

"Bambo ake sagona tulo, eti!"

Anaseka, wina anabwera ndi madzi m'kapu, ine ndinamwa madziwo manyazi atandigwira, osawauza zoona.

Madzulo ake ndinawafotokozera bambo ake zonse. Iwo ndi amisiri omanga nyumba, amachoka m'mamawa, ndiye za njira ya mwana sizikanawakhudza.

"Ndiye iwe unakagona m'ngalande kumayadi? Akanakutenga apolisi bwenzi ukuti chiyani?"

"Musaseke. Kumene kuja kulibe maso. Mwana atha kusowa masana dzuwa likuswa mtengo."

"Nanga kuno maso alipowo amuphunzitsa kuwerenga? Mayi a tomato amulembera mayeso? Mwayi wabwera wokha pakhomo, iwe ukuutsekera chitseko."

"Akagundidwa?"

"Akakula ngati ife?"

Mwana anali pamkeka akuveka chitsononkho kansanza, osadziwa kuti akukambidwa ndi iye.

Sabata yonseyo ndinkangosinkhasinkha. Ndikaganiza za kwathu ndinkaona kapu ija ikupondedwa, ndi mwana wanga kumbuyo kwa kalasi akungotsegula pakamwa anzake akamayimba. Ndikaganiza za ku Area 3 ndinkaona minibasi. Ndinkatsuka mbale imodzi kawiri. Kenaka ndinati, ngati kulibe maso, ndikawapempha ndekha.

Pakona pomwe kamsewu kaja kamakumana ndi msewu waukulu panali nyumba yokhala ndi mlonda wa masana, bambo achikulire a yunifomu ya kampani, amene ankakonda kukhala pa kampando kunja kwa geti. Ndinapita ndi mwana, ndinagwada.

"Bambo, ndabwera ndi pempho. Mwana wanga ndi uyu. Muyang'anitseni."

"Ndamuona. Wafanana ndi mayi ake mphuno."

"Aziweruka cha m'ma leveni. Akaima tsidya ilo, mungamamuwolotseko?"

Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana mwana. "Iwe mdzukulu, umathamanga pamsewu?"

Mwana anapukusa mutu.

"Chabwino, mayi. Inenso ndili nawo adzukulu ku Mitundu. Bola asamachedwe, abwana akandipeza kulibe pageti ndiye nkhani ina."

Sindinalekere pomwepo. Ndinagogoda mageti ena atatu m'kamsewumo, agalu akulumphira zitsulo, ndinalankhula ndi wosamalira maluwa wina, ndi mayi wina wantchito ngati ine ndemwe. Aliyense ndinkamuonetsa mwana, kumutembenuza uku ndi uku ngati ndikugulitsa mbuzi. Mwanayo ndinamuphunzitsa lamulo limodzi, m'mawa, masana, pomusambitsa, pomupesa: usawoloke wekha. Ngakhale msewu uoneke woyera, ngakhale anzako awoloke, ngakhale wina akuitane. Udikire agogo a pageti.

Tsiku lolembetsa, ahedi anamuuza kuti apitirize dzanja pamwamba pa mutu agwire khutu la mbali inayo, monga amayesera ana ngati akula. Ndikuuzeni zoona, mumtima ndinapemphera kuti alephere, andibwezere chaka china. Tizala take tinafika pakhutu, n'kuligwira, iye n'kumwetulira. Anamulemba.

Tinayamba. M'mamawa tinkawoloka mlatho wa pamsika limodzi, dzanja lake m'dzanja langa, ndikamusiya pasukulu ine n'kuthamangira kuntchito. Ikamakwana leveni ndinkazimitsa wailesi kuti ndimve agalu. Agalu aja ndinkadana nawo aja ndi amene anasanduka wotchi yanga: akayamba a kukona ndiye kuti wawoloka, akalandira a nyumba yachiwiri ndiye ali pakati, kenaka kugogoda kwake pageti, ko ko ko, pansi penipeni pomwe kadzanja kake kankafika. Masabata asanu zinayenda choncho. Anayamba kubwera ndi zilembo, a, e, i, kuzilemba ndi khala pa simenti ya kuseri kwa khitchini, ine n'kumakolopa amadamu asanabwere.

Tsiku lina mu Okutobala, kukutentha koopsa, leveni inakwana, agalu zii. Ndinati mwina aphunzitsi awachedwetsa. Hafu inadutsa. Nyemba zinali pamoto, makiyi a nyumba ali m'thumba la epuloni, ndipo lamulo la amadamu ndinkalidziwa: nyumba isakhale yopanda munthu ngakhale mphindi imodzi. Ndinafika pageti n'kubwerera. Ndinafikanso n'kubwerera. Thwelofu itakwana sindikumbuka kuti ndinatseka chitseko kapena ayi, ndinangozindikira ndili m'kamsewu muja, patapata imodzi itatsala m'mbuyo, ndikuyang'ana m'ngalande mbali zonse, ndikuitana dzina lake, agalu onse akundiyankha.

Pakona, pa kampando paja panali mnyamata wina wa yunifomu yomweyo, akusewera ndi foni.

"Agogo aja ali kuti?"

"Awasamutsa dzulo, apita ku Area 10. Bwanji, mayi?"

Mwana wanga ndinali nditamuona kale. Tsidya la msewu, pamalo pomwe ndinamuuza kuti aziima, padzuwa, chikwama kumsana, manja ali m'mbali ngati msilikali. Maminibasi akudutsa pamaso pake, mphepo yake ikumuwulutsa diresi. Sindikudziwa kuti ndinawoloka bwanji, ndinangomva hutala ndi kondakitala akunditukwana. Nditamugwira thupi lake linali lotentha ngati mbaula, milomo itauma, masokosi atanyowa chifukwa anadzikodzera ali chiimire.

"Amayi, agogo sanabwere."

"Nanga osabwerera kusukulu bwanji, mwanawe? Osakhala pamthunzi apo?"

"Munati ndidikire pano."

Kupitirira ola lathunthu. Magalimoto onse amene anadutsa pamenepo, ndi mnyamata uja tsidya linalo, palibe anadabwa kuti kamwana aka kaima bwanji padzuwa. Ndinamubereka kumsana, mwana wa sukulu, miyendo ikulendewera. Nyemba tinazipeza zitapserera, utsi uli tolotolo m'khitchini, chitseko chili pululu.

Amadamu atabwera madzulo sindinabise kanthu. Ndinagwada pakhomo la pabalaza ndi poto wopserera uja.

"Madamu, nyumba ndinaisiya yosatseka. Ndipo mawa ndiisiyanso, ngati mwanayu apitirize sukulu ya kuno. Mukakana, ndikamulembetsa kwathu, kapena mupeze munthu wina wantchito. Za alonda ndasiya, munthu wa ganyu amasamutsidwa osatsanzika."

Anavula magalasi, anapukuta, anavalanso.

"Ukudziwa kuti akuba nawonso amaona nthawi? Akangodziwa kuti leveni iliyonse muno mulibe munthu, basi."

"Ndikudziwa, madamu."

"Chaka chatha anathyola nyumba ya kuseriku masanasana."

"Ndinamva, madamu."

Anaitana mwana, anamugwira pachipumi, anayankhula kanthu m'Chitumbuka kamene sindinamve. Kenaka anati: "Kwanu sumubwezako, wayamba kale bwino. Uzipita. Koma uzitseka zitseko zonse, wailesi uziisiya ikulira kwambiri, makatani a pabalaza otsegula. Mphindi makumi awiri, osapitirira. Ndipo pakadzasowa kanthu muno, ndidzayamba kufunsa iwe."

Ndinavomera. Bambo ake nditawauza anati ndasenza nyumba ya eni pamutu, tsiku lina idzandigwera. Mwina n'zoona. Kuyambira tsiku limenelo ndimathamanga ndi mantha awiri, a nyumba kumbuyo ndi a mwana kutsogolo, ndipo pobwerera ndisanatsegule geti ndimayamba ndamvetsera ngati wailesi ikulirabe.

Pano ali sitandade 2. Amawerenga zikwangwani za m'tauni mokweza mpaka anthu mu minibasi amatembenuka. Sabata yatha, tikuwoloka, anachotsa dzanja lake m'dzanja langa.

"Amayi, anzanga akumandiseka. Akuti ndine khanda."

"Nawenso uziwaseka."

"Muziima patali. Ndiziwoloka ndekha, inu muzingoona."

Ndinamuuza kuti tiona akafika sitandade 3. Anakwiya, sanandiyankhule mpaka pageti. Koma sitandade 3 yake si kale, ndi Seputembala akubwerayu, ndipo mwanayu saiwala zimene wamulonjeza.