Thabwa Lozizira

Sindine munthu wokonda kutamanda anthu, koma za mkulu amene anandiphunzitsa ukalipentala ndiyenera kunenako pang'ono, chifukwa kwa iwo ndi kumene ndinaphunzira kukana. Mpaka lero, thabwa lililonse likafika pashedi pawo, amaligunditsa kutsaya atatsinzina. Akamva kuzizira, amadziwa kuti silinaume. "Ili likadali mtengo," amatero, n'kuliimika kukhoma. Sayamikira munthu, ndipo aliyense wosamera imvi amangomuitana kuti "iwe".

Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, bambo wina wasitolo anabwera ndi matabwa ake, akufuna chitseko pofika Loweruka. Mkuluyo anali atachokapo. Ndinagunditsa thabwa limodzi kutsaya, ndipo linali lozizira. Ndinakana.

Mkuluyo atangofika, bambo uja anawalandira ndi ukali. "Achimwene, mnyamata wanuyu akupsompsona matabwa m'malo mogwira ntchito! Mchotseni ameneyu!"

Ntchitoyo ndinali nditangoipeza kumene, mkazi wanga ali woyembekezera. Mkuluyo ananyamula thabwa lija, n'kutsinzina.

"Mubwere pakatha milungu itatu," anatero.

Bamboyo anatola matabwa ake n'kupita nawo kwina. Patapita miyezi iwiri anatulukiranso, atasenza chitseko chopindika ngati uta, chimene chinkakana kutsekeka.

"Pepani akuluakulu, tandikhomerani china."

Mkuluyo sanadzutse n'komwe mutu. Anachotsa pensulo kukhutu n'kundiloza nayo.

"Kambani ndi amisiri awo."