Phala la Sheba

Ntchito yanga yoyamba yolandirapo malipiro inali yophikira galu. Sekani, sindikuletsani. Anthu a kwathu kwa Malemia anaseka mpaka kutopa okha.

Ndinaipeza pakhomo pa tchalitchi ku Domasi Mishoni. Amuna anga anali atapita kumigodi ku Joni, ine ndili ndi mwana kumsana, pakhomo zinthu zitathina. Titaweruka mapemphero, mayi wina wa mvano anandikokera pambali nandiuza kuti aphunzitsi a Kalinde akufuna wowathandiza pakhomo. Aphunzitsiwa anali atapuma ntchito kalekale, akazi awo atamwalira, ndipo maso awo anali atachita ng'ala moti ankangoona chizimezime.

Nditafika m'mawa mwake ndinawapeza pakhonde akusisita mutu wa chigalu chofiirira cha makutu ogwa.

"Anambewe, ine pa kudya sindivuta," anatero. "Bwana wanu ndi uyu. Dzina lake Sheba."

Galuyo anawasiyira mzungu wina amene ankaphunzitsa naye, pobwerera kwawo, pamodzi ndi makatoni a chakudya cha m'zitini. Sheba ndiye anali maso awo. Chingwe dzanja ili, ndodo dzanja linalo, galu patsogolo, ankafika kutchalitchi ngakhale kwa anzawo kutsidya kwa mtsinje. Akafika pangalande, Sheba ankaima mpaka ndodo itaipeza ngalandeyo. Popanda galuyo, dziko la aphunzitsi likanathera pamasitepe a khonde.

Vuto linali loti zitini zinkatha. Nkhondo ya ku Mozambiki inali itasokoneza njira za katundu, ndipo m'masitolo a ku Zomba zitini za agalu zinasowa. Ine ndisanabwere, aphunzitsi anayesa kumupatsa mkute monga tichitira ndi agalu athu, koma Sheba, ngati mfumukazi, anangonunkhiza n'kutembenuka.

Anandiphunzitsa ntchitoyi ndi dokotala wa ziweto, amene tonse tinkangoti a vetenale. Anabwera panjinga, naona galu, naona zitini zotsala.

"Mayi, mimba ya galu siidziwa kulumpha," anatero. "Muyambe ndi chipande chimodzi cha chatsopano pa zipande zitatu za chakale. Mukaona chimbudzi chake chili cholimba, muwonjeze. Chikafewa, mubwerere m'mbuyo."

Choncho mmawa uliwonse ndinkazungulira kuseri kwa nyumba ndi kamtengo, ndikufufuza zimene Sheba wasiya. Amayi opita kumadzi ankandifunsa ngati ndataya ndolo.

Chakudyacho chinali ndi mphika wake, mthiko wake ndi chipande chake, zosakhudzana ndi ziwiya za anthu. Ndinkaviika matemba a ku Chilwa kuti mchenga uchoke, n'kuwasinja mumtondo. Ndinkawiritsa mapapu ndi kachiwindi pang'ono, msuzi wakewo n'kuphikira phala lolimba la mgaiwa, kenaka n'kuponderamo dzungu lowiritsa ndi matemba aja. Mchere ayi, anyezi ayi, mafuta ophikira ayi. Mafupa a nkhuku ophika ndiye anali chonyansa, chifukwa amathetheka ngati singano. Phala likazizira mpaka chala kukhalamo osapsa, ndipamene ndinkasakaniza ndi za m'chitini.

Zamkatizo ndinkagula pamsika wa Songani kwa che Saidi, ogulitsa nyama, amenenso anali oyandikana nawo nyumba aphunzitsi. Iwo anali Msilamu wopemphera, galu sankamukhudza ngakhale ndi chala, koma mapapu a Sheba ankasankha ngati akusankhira apongozi. Ankawatembenuza uku ndi uku, akaona timadontho kapena totupa n'kuwataya.

"Awa iyayi," ankatero. "Aphunzitsi aja anandiphunzitsa a, e, i. Ndingawaphere maso awo?"

Zinkayenda bwino. Tinali titafika theka ndi theka, ubweya wa Sheba ukuwala, ndipo ndinayamba kumukonda galu ameneyu kuposa mmene ndinkaululira kwa anthu. Ankandichingamira panjira, n'kununkhiza mapazi a mwana wanga kumsana.

Tsiku lovuta linali la Idi yozinga mbuzi. Kwathu kuno Asilamu akazinga mbuzi sadya okha, mbale zimayenda khomo ndi khomo, osafunsa kuti uyu amapemphera kuti. Ine m'mawa umenewo ndinapita ndi mwana kusikelo, ndipo ndinachedwa pamzere. Pobwerera masana ndinapeza pakhonde pali mbale za makomo angapo, zina zoyera ngati zatsukidwa. Aphunzitsi anali akumwetulira, mafuta ali nyezinyezi m'zala.

"Lero tadya Idi ine ndi Sheba," anatero monyadira.

Nyamayo inali yokazinga, yonona, ya anyezi ndi tsabola. Aphunzitsi anakula m'mwambo woti sudya wina akukuyang'ana, ndipo Sheba kwa iwo sanali galu. Nthuli iwo, nthuli Sheba. Poti maso sankaona, sanadziwe kuti wamkulu pambale anali ndani.

Dzuwa lisanapendeke Sheba anayamba kusanza. Kenaka kutsegula m'mimba, zamadzi zokhazokha. Anadzikoka mpaka pansi pa mtengo wa mapeyala nagona kwala, mphuno itauma, mchira osagwedeza ngakhale nditamuitana. Aphunzitsi anafwanthula chingwe kuti adzuke, osadzuka. Anakhala pansi padothi pomwepo, munthu wamkulu wa jekete, akupapasa nthiti za galu wawo.

Ndinathamangira kwa che Saidi. Ndinawapeza ali mumkanjo woyera, alendo ali tho pabwalo. Sanandifunse kawiri.

"Nyamayo yachoka kwathu kuno, mlandu ngwathu," anatero, nakwinya mkanjo, nakwera njinga kukatenga a vetenale.

A vetenale atafika anatsina chikopa cha pakhosi pa Sheba, ndipo chinachedwa kubwerera. Anati madzi atha m'thupi. Anamubaya jakisoni, nalamula kuti asadye kanthu kufikira mawa, koma ndizimumwetsa pafupipafupi ndi sipuni madzi owiritsa ozizira, othira kashuga ndi kamchere. Akagona osasanza, mawa ndimuphikire phala lamadzimadzi la mpunga ndi nyama ya nkhuku yowiritsa yopanda khungu.

Jakisoni sanavute. Chinavuta ndi kumana. Madzulo Sheba anakweza mutu nalira pang'ono, aphunzitsi n'kuyamba kupapasa kufuna mbale yotsala.

"Anambewe, akupempha. Kanthuli kamodzi kokha."

"Iyayi, bambo."

"Mum'mana mwana wanga chakudya ine ndili moyo?"

Ine ndili ndi mtima wapachala, ndipo tsiku limenelo sindinaubise. Ndinatola mbale zonse, kuzitsekera m'kabati, kiyi n'kumanga pansonga ya chitenje. Ndinawauza kuti akafuna andichotse ntchito, koma mawa, lero ayi. Ndinkanena izi misozi ikutsika, chifukwa ndinkawamvera chisoni onse awiri.

Kenaka anati, "Chabwino. Ndiye changanso musaphike. Sheba akusala, inenso ndisala."

Ndinawanyengerera ndi tiyi, anakana. Mwana wa che Saidi anabweretsa mpunga, anathokoza bwinobwino koma osaukhudza. Ndinapita kwathu ndi mantha oti mawa ndipeza odwala awiri.

M'mamawa ndinapeza aphunzitsi pampando wawo pakhonde atafunda bulangete, Sheba atagona pamapazi awo. Sanasanzenso. Ndinaphika phala la mpunga lija, kunyenyeramo nkhuku, kuliziziritsa, n'kuika zipande ziwiri zokha pambale yachitsulo. Sheba anaiyang'ana. Anadzuka pang'onopang'ono, nanunkhiza. Ine ndinagwira pakamwa, osafuna kulonjeza kanthu. Aphunzitsi sankaona, anangopendeketsa mutu kutchera khutu. Kenaka mbale inayamba kukhuluzika pasimenti, galu akuikankha ndi lilime.

"Anambewe, phokosolo ndi la mbale?"

"Ndi la mbale, bambo. Wamaliza."

Anavula magalasi napukuta maso ndi bulangete. Atatha anati, "Nanga langa phala lili kuti? Mukufuna mundiphe ndi njala?"

Tinayambiranso pachiyambi, chipande chimodzi pa zitatu, ndipo pamene chitini chomaliza chinkatha Sheba anali atazolowera mgaiwa ndi matemba. Chimene ndinatola pa ntchito imeneyo n'chakuti mimba imasamutsidwa pang'onopang'ono, ndiponso kuti wosamala chamoyo ayenera kudziwa kumana. Kupatsa aliyense amatha. Ndalera ana asanu, ndadwazika amayi anga, ndipo nthawi zonse wodwala akamandichonderera chimene chingamupweteke, ndimakana, n'kukalirira kuseri kwa nyumba.