Bondo la Wonyamula Machila

Munthu asakunamizeni kuti wonyamula machila amavutika ndi phewa. Phewa limachita chikanga, khungu n'kulimba, n'kuiwala. Chimene chimatha ndi bondo, makamaka potsetsereka, mzungu ali gone m'nsalu, inu mukuthamanga nyimbo ili pakamwa.

Ife Alomwe tinkakhala pa malo a esiteti ya tiyi, lendi yake thangata. Ukalephera ntchito, nyumba ankasasula, munda n'kupatsa wina. Chaka chimenecho mkazi wanga anali woyembekezera, ndiye bondo langa lamanja n'kuyamba kulira ngati mphero.

Matenda angawo ndinawaonera pa mbuzi yokalamba imene tinkasenda pamaliro. Mukatsegula mfundo ya mbuzi yaing'ono, kumapeto kwa fupa kumakhala kanthu koyera, koterera. Mukakadina ndi chikhadabo kamalowa pang'ono, timadzi n'kutuluka, kenako kamabwerera. Ndi kamene kamalandira kulemera kuti mafupa asakhulane. Pa nkhalamba ija kanali katapereseka, kachikasu, fupa lili pamtunda. Ndinachita mantha, nyamayo sindinadye.

Mkazi wanga anandikakamiza kupita kwa asing'anga. Ananditema mphini kuzungulira bondo lonse, n'kupaka mankhwala akuda. Uchitsiru wanga! Mankhwala a pakhungu akanafika bwanji pakati pa mafupa? Ndinangoyamba kuvala nsalu yaitali kuti akapitawo asaone.

Tsiku lina mzungu anafuna kupita ku Bvumbwe. Ine ndinagwira nsungwi kumbuyo, alamu anga kutsogolo, akapitawo akuthamanga pambali ndi chikoti chawo. Tisananyamuke alamu anandinong'oneza: "Alamu, lero muimbe kwambiri. Bondolo likumveka."

Ndinaimba, abale, mpaka kukhosi kuwawa. Pokwera zinayenda. Titayamba kutsikira kumtsinje, sitepe iliyonse inkandibaya mpaka m'mano. Alamu anasendeza phewa kuti kulemera kupite kwa iwo, koma pamtsetse wotero simubisa kanthu. Mwadzidzidzi bondo linangoti gwa! Osapindika, osawongoka. Machila anagwedezeka, mzungu anakuwa, nyimbo inaduka. Nsungwi sindinaitaye ayi, zimenezo ndimanyada nazo mpaka lero. Ndinaima chilili, thukuta lili kamukamu, mpaka mnzathu wina analowa pansi pake.

Akapitawo anabwera osafulumira. Anakweza nsalu yanga ndi nsonga ya chikoti. Mphini zija zinali mbee, zisanapole n'komwe. Anagwada, n'kuika chikhatho pabondo.

"Pinda."

Ndinaluma mano, ndinapinda. Anamva okha m'dzanja mwawo mafupa akukukutana. Anali munthu wa kwathu, tinawoloka malire limodzi, ndipo sanandiyang'ane kumaso.

"Chimanga chako chakhwima?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ayi, akapitawo. Chikumasula kumene."

Anapukuta dzanja pa kabudula wawo, n'kupita kukauza mzungu. Chimangacho anakolola ndi ena.