Kutentha Thupi kwa Agogo Kobwera Dzuwa Likapendeka

Fungo la fodya wofota m'chigafa, lija lokakamira m'zovala ngakhale utachapa kawiri, limandibwezera kwa agogo anga aamuna, bambo awo a mayi anga, kwathu ku Santhe. Ndimawaona atakhala pa chiguduli, miyendo atatambasula, akusoka masamba ndi singano yaitali ya waya, uku kamphepo kakugwedeza fodya wolendewera pamikangala pamwamba pathu. Posoka sankayang'ana n'komwe. Maso ankakhala kunjira, kuona amene akudutsa panjinga, zala zakuda ndi utomoni zikugwira ntchito zokha. Ine ankanditcha mkazi wawo, monga amasewerera agogo ndi adzukulu, ndipo ndikawapatsira madzi akumwa ankati, "Akazi anga awa, ndinasankha bwino."

Ndinali mu Sitandade 5 pamene anayamba kudwala. Zinayamba ndi zilonda zakukhosi. Kenako kunabwera kutentha thupi kwachilendo. M'mawa ankadzuka bwinobwino n'kupita kumunda, koma dzuwa likangopendeka ankayamba kunjenjemera, mano akugundana, thupi likuotcha ngati khasu losiyidwa padzuwa. Pachifuwa ndi m'mikono munkatuluka zidzolo zofiirira, zimene pofika m'mawa zinkakhala zitazimiririka. Mawondo ndi mfundo za m'manja zinatupa. Kuchipatala chaching'ono anawayeza malungo kangapo osawapeza, komabe ankawapatsa mankhwala ake. Anawayeza chifuwa chachikulu, anawayeza kachilombo, zonsezo kunalibe. Vuto linali lakuti kuchipatalako ankapita m'mawa, nthawi imene ankaoneka ngati munthu wopanda vuto.

Koma m'mudzi anthu anali atamaliza kale kuwayeza. Ena ankanong'ona kuti ndi matenda a masiku anowa, ena ankati alipo wawachita chipongwe chifukwa fodya wawo ankachita bwino.

Chaka chimenecho dzina lawo linatuluka pa makuponi a feteleza wotsika mtengo, ndipo ogulitsa ankafuna mwini dzina. Mayi anali ndi pakati potopa, choncho amene ndinawaperekeza ndine. Tinaima pamzere kuyambira m'mawa, fumbi likulowa m'kamwa, njinga zitatsamira pakhoma lonse la depoti, mzere ukusuntha ngati nkhono. Dzuwa litapendeka, kunjenjemera kuja kunafika. Agogo anamasula mabatani a malaya kuti apume bwino, ndipo zidzolo zinaonekera. Ndinaona mpata ukutseguka kutsogolo ndi kumbuyo kwathu. Mayi wina anakoka mwana wake n'kulankhula mokweza kuti, "Odwala zoterezi bwanji osangokhala kunyumba?"

Pamzerepo panalinso atsikana awiri a m'kalasi mwathu. Manyazi anandigwira. Ndinasiya dzanja la agogo, ndinasunthira pambali pang'onopang'ono, n'kumayang'ana kumsewu ngati ndikudikira munthu wina.

Agogo anandiyang'ana. Milomo ikunjenjemera, anati, "Akazi anga, pitani mukakhale pamthunzi apo. Dzuwa lakuotchani mokwanira."

Ndinapita. Ndinakhala pansi pa mtengo wa kesha n'kumawaonera patali ataima okha, atakumbatira manja pachifuwa, mpaka anafika pazenera. Pobwerera, matumba ali panjinga ya hayala patsogolo pathu, anangondifunsa ngati ndili ndi njala.

Mayi atachira, amalume anawatengera agogo kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Anagonekedwa milungu itatu, ndipo kumeneko madokotala anaona ndi maso awo kutentha kuja kukubwera pa nthawi yake tsiku ndi tsiku. Atabwerako anatikhazika pakhonde n'kutifotokozera zimene anawauza dokotala wina wachitsikana.

"Akuti m'magazi mwa munthu aliyense muli timithenga tosaoneka ndi maso, dzina lake masaitokaini. Matenda akalowa, timeneti ndi timene timaitana asilikali a m'thupi, n'kutenthetsa thupi kuti tizilombo tife. Ndiye tangati tikungokuwa popanda wakuba. Asilikali akafika n'kupeza kulibe mdani, amayamba kumenya mawondo anga omwe."

"Nanga bwanji osangotichotsa?" anafunsa mayi.

"Akatichotsa tonse, mwana wanga, chimfine chokha chingandigwetse. Angondipatsa mapiritsi otitontholetsa. Akuti matendawa ndi osowa, madokotala ambiri amafika popuma ntchito osawaonapo." Atatero anatembenukira kwa ine. "Ndiponso akuti sapatsirana ayi."

Ine ndinayang'ana pansi.

Kuchokera pamenepo agogo anayamba kuwapatsa ulemu matendawo ngati munthu wamkulu. Kunjenjemera kukayamba ankati, "A Saitokaini afika, apatseni bulangete." Mapiritsi aja, oyera ang'onoang'ono, anawatupitsa nkhope n'kukhala yozungulira, ndipo ankamva njala pafupipafupi, moti chinangwa chophika sichinkachedwa m'mbale. Kutentha kunayamba kubwera mwa apo ndi apo, nthawi zina kumatha miyezi osabwera. Anthu aja ankanong'ona anayambanso kukhala nawo pamkeka. Koma mfundo za m'manja zinauma. Singano ija sanaigwirenso, ndipo ngakhale batani la malaya linkawakanika.

Ntchito yowamanga mabatani Lamulungu m'mawa inakhala yanga. Ankaima chilili, chibwano m'mwamba, akununkhira sopo, ine ndikuyambira batani la pansi chifukwa ankati ukayambira pamwamba umasemphanitsa. Tsiku lina, nditafika pa batani la pakhosi, mawu amene ndinawasunga chaka chathunthu anatuluka.

"Agogo, tsiku lija la feteleza ndinakuthawani."

"Tsiku liti?"

"Lija munadwala pamzere."

Anandigunda pamutu ndi dzanja lawo louma lija. "Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi sathawa munthu, amathawa maso a anthu. Inenso ndikanatha, ndikanadzithawa tsiku limenelo. Mangani batanilo, tichedwa kutchalitchi."

Anamwalira ndili mu Fomu 3, ndi chibayo, mvula yoyamba itangogwa kumene.

Lero ndine mphunzitsi pasukulu ina pafupi ndi Kasungu boma. Mwana akandiuza kuti akudwala koma nkhope yake sikuonetsa, sindithamangira kunena kuti akunama. Mayi, amene tsopano tsitsi lawo layera, amakonda kuuza ana anga kuti ndili wamng'ono ndinaima pambali pa agogo pamzere wa feteleza tsiku lonse, osawasiya ngakhale pang'ono, anthu onse atawatalikira. Nditamva koyamba ndinawafunsa kuti anawauza zimenezo ndani.

"Eni ake," anatero mayi. "Madzulo a tsiku lomwelo."