Chishalo Chimene Anandimangira Kumbuyo

Chishalo chija ndinasankha ndine. Nthawi imeneyo amuna anga ankagwira ntchito ku mgodi wa malasha ku Moatize, ndipo tinali titangolowa kumene m'banja. Njinga yawo inali yogula kwa mnzawo, chishalo chake chong'ambika, chouma ngati chikuni. Tsiku lina tinapita ku kantina ya mmwenye. Iwo ankafuna chaching'ono chosongoka, koma ine ndinaloza chachikulu chachikopa, chokhala ndi tizitsulo topotana pansi pake.

"Tengani ichi bambo," ndinatero. "Ulendo wa kwathu si wapafupi."

Anachidinikiza ndi chikhatho, chinanyutuka, naseka. Anachikonda zedi. Madzulo alionse ankachipukuta fumbi la malasha asanasambe nkomwe.

Mimba yanga yoyamba itakula, mayi anatumiza mawu kuti ndikachirire kwathu ku Zóbuè. Mmawa wa ulendowo ndinapeza amuna anga atamasula chishalo chija, akuchimangirira ndi luzi pachitsulo chakumbuyo chonyamulirapo katundu. Pamalo pake anali atakhomapo kathabwa, nakakulunga ndi chiguduli.

"Nanga inu mukhala pamenepo?"

"Kwerani mayi, dzuwa lingatipsereze," anayankha.

Ndinakwera. Ndinaona ndithu kathabwa kaja, koma msana unkandiwawa, ndiye ndinangokhazikika pachishalopo.

Msewu unali wamiyala, kutentha kosaneneka. Ine ndinkangonyutuka bwinobwino kumbuyoko, koma pakamwa sipanatsekeke. Apa ndadandaula ludzu, apo ndawauza kuti akuthamanga, kenaka kuti akuchedwa. Tinagona kwa abale awo ku Kambulatsitsi. Tsiku lachiwiri, zitunda zitayamba, ankatsika n'kumakankha njinga ine ndili pomwepo. Akakweranso ankapalasa choimirira. Ndinaona kabudula wawo atathimbirira kumbuyo, ndinadziuza kuti ndi thukuta.

Atandisiya m'manja mwa mayi sanakhalitse, poti kapitawo wa ku mgodi sankamva za mimba ya mkazi wa munthu. Chishalo anachimasula nachiika pakhonde.

"Chisungeni. Mudzakhalira pobwera ndi mwana."

Ndikanatha kuwaumiriza kuti achitenge, adzabwere nacho. Koma ndinali nditatopa, ndipo kunena zoona ndinaopa kuti angadzachiiwale. Ndinawayang'ana akutsetsereka, ataimirira pa mapedulo.

Kwathu kunali kozizira. Ndinkadya mbatata ya kachewere ndi mapichesi, azakhali akunditikita miyendo. Patapita masabata, bambo wina wa m'mudzi mwathu yemwe ankagwiranso ntchito ku mgodi anabwera kudzaona banja lake. Ndiye anandiuza kuti amuna anga zilonda zinawatukusira kumatako, amagona chafufumimba, ndipo chakudya amadya ataimirira anzawo akuwaseka. Ndinkati ndikatuluka pakhonde, maso anga ankathawa chishalocho, mpaka ndinachibisa kuseri kwa nkhokwe.

Mwana atabadwa, wamkazi, amuna anga anabwera pa kathabwa komweko. Miyambo itatha, mayi anawayalira mphasa kuti alandire mwana wawo. Iwo anaima. Mayi anabwereza, iwo n'kumangomwetulira, akusisita chipewa m'manja. Nkhope ya mayi inasintha.

"Kodi mkamwini ameneyu mphasa yathu akunyansidwa nayo?" anandinong'oneza. "Kapena ulemu unatsalira ku mgodi?"

Amuna anga anandiyang'ana, maso akundipempha kuti ndisanene pamaso pa apongozi. Ndinasowa kolowera. Ndikanena, ndiwachititsa manyazi. Ndikapanda kunena, mayi awatenga ngati munthu wamwano. Ndinawakokera mayi kuseri n'kuwafotokozera zonse, misozi ili mbwembwembwe.

Mayi sanandikalipire. Analowa m'nyumba, natenga mwana uja. Anatuluka naye, n'kuwapatsira akamwini awo m'manja, onse awiri ataimirira.