Bambo Anatsalira Kutsanzika

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene tinkakhala kutsidya kwa nyanja ya Chiuta, mbali ya Mozambique. Kwathu kwenikweni kunali ku Chikweo, koma munda wathu unali utaguga, ndiye bambo anatitengera kutsidyako kukalima mpunga. Amene anatilandira anali Che Saidi, msodzi wachisilamu, yemwe anatibwereka dambo, makasu ndi kanyumba osatifunsa kanthu. Ife tinali Akhristu, koma pa Idi ankatitumizira mbale ya mpunga wa nyama, ndipo pa Khirisimasi tinkawaitana kudzatizingira nkhuku kuti nawonso adye nawo.

Bambo anga ulemu unkachita kuwapitirira. Ankavula chipewa popereka moni ngakhale kwa mnyamata woweta mbuzi. Mayi ankawaseka kuti tsiku lina adzapepesa chitsa chimene chawapunthwitsa.

Nkhondo inatifika ngati mphekesera. Poyamba mchere unasowa pamsika. Kenako anthu ochokera kumtunda anayamba kudutsa pamudzipo atasenza mitolo, ana kumsana, moni osayankha. Mayi wina anaima pakhomo pathu kupempha madzi. Ndimakumbukirabe mapazi ake, otupa ndi ong'ambika. Anati anthu amfuti awotcha mudzi wawo ndipo akulowera chakuno.

"Bambo a Esinati, tiyeni tizipita mabwato akadawoloka," anatero mayi mlendoyo atachoka.

"Nkhondoyi si yathu," bambo anayankha. "Ife ndife alendo, adzatifuna chiyani?"

"Nanga chipolopolo chimafunsa kwanu?"

Bambo anagonja, koma panali vuto limodzi. Che Saidi anali atapita kumaliro a mlongo wawo kumudzi wina wa kumtunda, ndipo anali asanabwere.

"Munthu anatipatsa dambo ndi pogona," anatero bambo. "Abwere adzapeze nyumba ili pululu ngati munkakhala mbava? Iyayi. Mlendo ndi mame, inde, koma amatsanzika. Inu tsogolani ndi ana."

Mayi anakalipa, anachonderera, mpaka anawauza kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Bambo anangomwetulira n'kuyamba kumanga katundu wathu.

M'mawa mwake anandinyamula paphewa kudutsa m'matope mpaka kundikhazika m'bwato. Malaya awo ankanunkhira utsi ndi fodya. Kumbuyo kwawo mpunga unali utayamba kucha, mbalame zikuudya popanda woziingitsa. "Esinati, ukathandize mayi ako," anatero. "Ndikangotsanzika ndikupezani." Anaima m'mabango akutibayibitsa ndi chipewa chija mpaka tinalephera kuwasiyanitsa ndi mabangowo.

Tinafika bwino ku Chikweo. Mayi ankalawirira kudoko kukafunsa aliyense wotsika m'bwato, ine ndikutsalira ana. Posakhalitsa kutsidya kunayamba kuoneka utsi, ndipo eni mabwato anakana kuwolokanso. Mvula inagwa, inatha, bambo osaoneka. Amalume anatitengera ku Balaka, komwe mayi anayamba geni ya tomato. Achibale akanena zoti tilire maliro, mayi ankakana. Ankati munthu salira maliro a mwamuna amene wangochedwa panjira.

Tsiku lina ndinawaperekeza ku Ulongwe kukapikula tomato. Pamsika, m'mbali mwa msewu, tinamva mawu akuitana. Anali Che Saidi, ataonda mpaka mkanjo kuwakulira, akugulitsa timilu ta matemba pachiguduli.

"Alamu! Mulipo? Alhamdulillah! Nanga achimwene ali kuti?"

Mayi anatula dengu pang'onopang'ono. "Anatsala kudikira inu, kuti atsanzike."

Che Saidi anakhala pansi pafumbi pomwepo. Anati iwo kumudzi kuja sanabwererenso. Mfuti zinayamba kulira akuchokera kumanda, ndipo onse anathawira m'tchire n'kulowa m'Malawi kudzera njira ina. "Akanangopita, alamu," ankabwereza, misozi ikutsikira m'ndevu. "Ine ndikanadandaula chiyani? Makasu?" Anthu anatizungulira, basi zikuliza mahutala, mayi ali chilili osaphethira. Sabata yomweyo anavomera kuti tilire maliro opanda mtembo, ndipo tonse tinameta.

Ndinene zoona, bambo ndinawakwiyira zaka zambiri. Ndinkaona ngati anasankha ulemu kusiya ife. Ndakula tsopano, ndaposa msinkhu umene iwo anali nawo m'mabango muja, ndipo mkwiyo unasanduka chisoni. Iwo ankadziwa malamulo onse a mlendo pa nthawi ya mtendere. Panalibe anawauza kuti nkhondo ikayandikira, mlendo ndiye ayenera kuyamba kunyamuka, chifukwa sadziwa tinjira tothawira, sadziwa kobisala, ndipo eni dziko sangamukumbukire nawonso akupulumutsa ana awo.

Nkhaniyi yandibwerera chifukwa cha mwana wanga Tamanda, yemwe anapita kunja kukaphunzira udokotala. Dziko loyandikana ndi kumene ankakhalako linaunjika asilikali m'malire, ndipo alendo analangizidwa kuti achoke njira zikadali zotsegula. Atandiimbira foni anati chiphaso chake chili m'thumba, tikiti ya sitima wagula kale, koma akufuna aisinthe. Mayi wokalamba amene ankamusunga ngati mwana wake anali atapita kukaona abale kumudzi, ndipo amabwera kumapeto kwa sabata.

"Amama, anthu aja andichitira zambiri," anatero. "Ndingachoke bwanji osatsanzika?"

Ndinamva fungo la utsi ndi fodya ndili m'nyumba mwanga ku Balaka.

"Tamanda, siya kiyi kwa oyandikana nawo, kakwere sitimayo lero," ndinamuuza. "Agogo ako anatsanzika kale m'malo mwa tonsefe."