Nyumba ya Abusa Imene Anaipaka Laimu

Anandipeza m'chigafa ndikusoka fodya, Lachiwiri lina m'mwezi wa Febuluwale. Apolisi anali awiri, aulemu ngati odzafunsira mbeta.

"Akulu, tiyeni mukangoyankha mafunso pang'ono. Mubwera pompano."

Ndinasiya singano ili m'tsamba. Fodya ameneyo sindinamuonenso.

Mlandu wanga unali wa nyumba. Ife a mpingo wina kufupi ndi Nsaru tinamanga nyumba ya abusa, ine mkulu wa mpingo ndikutsogolera. Njerwa tinaumba tokha, malata tinagula ndi mtedza wa amayi a mumpingo. Ndiye kunabwera alendo a ku likulu, olondoloza chuma cha boma, kudzaona nyumba ya aphunzitsi imene boma linatulutsira ndalama. Nyumbayo kunalibe, pamalo pake pankamera chisoso. Akuluakulu a kuboma anangopaka laimu nyumba ya abusa athu, n'kukhoma chikwangwani chonena kuti ndi nyumba ya aphunzitsi, n'kutiuza kuti alendo akafika tiimbe ndi kululutira.

Mlendo wina atafunsa ngati tili okondwa, ndinaimirira n'kunena kuti nyumbayi tinamanga ndife. Ndimadziwa kuti kwathu nkhani za m'nyumba sitiululira alendo. Koma mtima unandiwawa, ndipo mpaka lero ukundiwawa.

Kupolisi, wofunsa mafunso sanafune kumva za nyumba.

"Mwasokoneza msonkhano wa boma. Wakutumani ndani? Chipani chiti?"

"Bwana, palibe wandituma. Dothi la njerwa zija ndinaponda ndi mapazi angawa."

"Mapazi omwewa, eti?" Anauza mnzake kuti andivule nsapato.

Za m'chipinda chimenecho ndilekera pomwepa. Panapita nthawi ndisanapondenso pansi bwinobwino.

Ananditumiza pa rimandi kundende ya mumzinda. Tinkagona chammbali, wina akafuna kutembenuka tinkatembenuka tonse. Tsiku loyamba ndinapempha kuti ndionane ndi woweruza. Msilikali wa ndende anaseka.

"Madala, ufulu wanu mwausiya pageti pamodzi ndi lamba. Mudzautenga potuluka."

Chimene aboma ankafuna chinali chochepa: ndinene kuti tsiku lija mutu sunkayenda bwino, nyumba ndi ya boma. Mkazi wanga atabwera kudzandiona, atawonda kuposa ine, anandipempha zomwezo.

"Bambo, ingovomerani. Fodya wawolera m'chigafa, ana abwezedwa kusukulu. Kodi nyumbayo mudzagonamo ndinu?"

Ndinakana, iye anapita akulira. Abusa, amene ankagona m'nyumbamo, ananditumizira mawu akuti ndipirire ngati Yobu. Okha sanabwere.

Ananditulutsa m'nyengo yozizira, anthu atakolola kale. Kukhoti sindinapondeko. Anangoti failo yanga sikupezeka, ndizipita. Lamba anandibwezera.

Ndinatsika minibasi pa Nsaru n'kuyenda pang'onopang'ono. Chikwangwani chinali pomwepo, laimu atayamba kusuwa. Anthu anandilandira ndi chisoni, koma ena ankanong'ona kuti pakamwa panga ndi pamene panandipachika. Kale, nthawi ya chipani chimodzi, munthu ankadziwa kuti kulankhula n'koletsedwa. Lero amakupatsa mpata, amakufunsa okha ngati uli wokondwa.

Chaka chatha akuluakulu omwe aja anabweranso. Anati boma latulutsa ndalama zokonzera nyumba ya aphunzitsi ija, yomwe kulibe, ndipo mudzi uumbe njerwa zoonjezera. Maso onse anatembenukira kwa ine, poti wodziwa kupanga uvuni ndine. Ndinayang'ana mapazi anga, osanena kanthu.

Akuluakulu a kuboma aja anaomba m'manja, nati akulu avomera.